Kapepala ka pa Tsamba 14

"Tamvani uyunso," anatero achimwene ake a Nesi, chala chikuyenda pa foni. "Akuti, 'Kamtsikana kameneka ndikanakakoka khutu mpaka kunyumba.' Anthu mazana atatu agwirizana naye."

Nesi anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Anali atakhala pamkono wa sofa, yunifolomu ya kuchipatala akadali nayo m'thupi. Pa wailesi yakanema pankadutsa mayina a anthu amene anakonza seweroli, ndipo dzina la bambo awo linadutsa mothamanga ngati likuthawa ngozi.

Panali patapita masiku asanu chiwaikireni m'manda. Bambowo ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za masitolo, koma mtima wawo unali pa timabuku ta zithunzi ta Kajasi, wapolisi wofufuza milandu amene ankavala jasi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anajambula Kajasi zaka makumi atatu, ana awo akuzitcha zachibwana. Ndiye a kanema atatenga nkhaniyo n'kuisandutsa sewero, mwini wake anatsikira kulichete gawo loyamba lisanaonetsedwe. Imfa ilibe ulemu ndithu.

Masana a tsikulo, Lamulungu, oonera anali atadzadza foni ndi ndemanga. Ena ankayamikira jasi. Wina anadandaula kuti wakuba wonenepa choncho sangalumphe mpanda. Koma ambiri anakakamira pa kamphindi kamodzi: Kajasi, matope thupi lonse atathamangitsa wakuba, akufika pageti la sukulu kudzapereka kabokosi ka zipangizo za masamu kamene mwana wake anaiwala. Anzake a mtsikanayo akufunsa, "Ndani ameneyo akukukodola?" Iye n'kuyankha, "Kaya, sindikuwadziwa."

Nesi ankalidziwa geti limenelo. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, linali tsiku la mayeso, ndipo bambo ake anabwera atavala ovolosi yothimbirira ndi penti. Sanakambiranepo za tsikulo mpaka imfa. Zaka zonsezi ankadzitonthoza kuti mwina phokoso la magalimoto linameza mawu ake. Tsopano manyazi anamugwira.

"Wina akuti akakaone kamtsikanako ngati kali ndi mtima kapena njerwa," achimwenewo anapitiriza, misozi ya kuseka ili mbwee. Iwo sankadziwa kanthu. "Paja a kanema aimba. Mawa m'mawa adzatenga makatoni a zojambula za bambo. Akuti anthu akufuna kuona mapepala enieniwo."

"Zinthu za bambo zingotuluka choncho? Sabata isanathe n'komwe?"

"Aa, lero zasanduka zinthu za bambo? Si iwe unkati n'zinyalala zoitana mphemvu?"

Amayi awo, amene anali pampando wa pakona akupinda malaya a malemu, anakweza maso n'kumuyang'ana Nesi kamodzi kokha. Nesi anaimirira n'kunena kuti akukamwa madzi.

Anadutsa khitchini osagwira kapu, n'kulowa m'kachipinda ka kuseri kamene bambo ake ankagwiriramo ntchito. Fungo la penti linali likadalimo. Maburashi anali m'chitini, mitu m'mwamba, ndipo magalasi awo anali patebulo, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Makatoni anali osanjikizana bwinobwino, lililonse ndi nambala yake, poti munthuyo ankatha kutaya nsapato koma osati pepala.

Cholinga chake chinali chimodzi: kupeza tsamba la pageti lija, kulipinda, n'kuliika m'thumba la yunifolomu. Wosewera wa pa kanema anali mtsikana wina, koma bambo ake akajambula munthu, ngakhale agalu a pamsewu ankamuzindikira. Tsambalo likangoonetsedwa, chipatala chonse chidziwa.

Analipeza m'katoni yoyamba, tsamba 14. Anali iyeyo ndithu: kampata ka m'mano, sokosi imodzi yogwa, chibwano m'mwamba. Anakhala pa kampando ka bambo ake.

Akuti alipinde, chala chinakhudza potukuka. Mawu akuti "Kaya, sindikuwadziwa" sanalembedwe patsamba lenilenilo. Anali pa kapepala kena kodulidwa ndi lezala, komatidwa pamwamba. Ndi mmene bambo ake ankakonzera akalakwitsa. Guluu anali atauma chifukwa cha zaka, moti atangolowetsa chikhadabo, kapepalako kanamatuka kokha.

Pansi pake panali zilembo zawo zoongoka zija: "Ndi wantchito wa kwathu, mutu wake suyenda bwino."

Bambo ake sanaphonye liwu ngakhale limodzi pa zimene iye ananena pageti paja.

"Wakamatula?"

Amayi ake anali ataima pakhomo, malaya akadali m'manja.

"Anamva, amayi."

"Makutu anali nawo, mwanawe."

"Inunso munkadziwa?"

"Anafika pano ovolosi osavula, chakudya osachiyang'ana, n'kukhala pamene wakhalapo. Anajambula tsamba limenelo mpaka kulimaliza. Kutacha ndinawapeza akudula kapepalako. Ndinati, bwanji osangong'amba tsamba lonse? Anati zinachitika, sangazing'ambe, koma mwana wawo sangatuluke pagulu ndi mawu amenewo m'kamwa."

Nesi anagwira pakamwa. Dziko lonse linali likumutukwana chifukwa cha mawu amene bambo ake anamupeputsira.

"Bwanji sanandikalipire? Akanangondimenya, bwenzi nditapepesa."

"Anati uli ndi mayeso. Mayeso atatha anati zapita." Amayiwo anapinda mkono wa malaya aja. "A kanema ankafuna kuti mtsikanayo alankhule zopweteka kwambiri, ati kuti anthu akwiye bwino. Bambo ako anawauza kuti akasintha liwu limodzi, aiwale za Kajasi."

Kuchipinda chochezera achimwene aja anafuula kuti abwere adzamve ina, yoti kamtsikanako akapereke kwa Kajasi yemweyo akatsekere.

"Ndiye ulitenga?" anafunsa amayi. "Sindiuza munthu."

Nesi anayang'ana thumba la yunifolomu, n'kuyang'ana tsambalo. Akalitenga, buku la bambo ake likhala ndi dzenje, ndipo akhala atawakananso kachiwiri.

"Guluu ankasunga pati?"

"M'dilowa ya kumanzere."

Anapaka pang'ono kuseri kwa kapepalako, n'kukabwezera pamalo pake mosamala, monga amachitira pomata bala la mwana. Pakona yake panali chidindo cha chala chachikulu, cha inki yakuda, pamene bambo ake anakanikiza kuti kagwire. Nesi anaika chala chake pomwepo, n'kudikira kuti guluu aume.