Chitsulo Changa Anachikwecha

Chitsulo changa ndinachipeza chikunyezimira ngati supuni yatsopano, mtima unangoti phwii.

Chinali chidutswa cha paipi yakale ya kufakitale ya shuga ku Palmira, chokhakhala, chodyeka ndi dzimbiri. Kukhakhalako ndiye kunali ntchito yanga yonse. Ndinkayenderetsapo madzi a nzimbe opyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuwalitsapo leza, nyali ya cheza chowongoka ngati ulusi, kamera n'kumandionetsa pamene achindikala ndi pamene atsala pang'ono kuuma. Pouma m'pamene shuga amapserera. Pachitsulo chosalala aliyense amayeza, koma pokhakhala kuwala kumamwazika, ndipo ndinatha zaka ndikulimbana nako. Ondiyesa mayeso a digiri anali atanenetsa kuti adzabwera kudzaona okha ndikuyeza, apo ayi digiri ndiiwale.

A Pulofesa Arboleda, ondiyang'anira, analowa m'chipinda choyezeramo akutafuna pandebono, kabanzi ka tchizi.

"Waona kukongola kwake, Yesenia? Ndinauza anyamata achikweche. Mawa kukubwera mabwana a kufakitale, ndiye tiwaonetse chitsulo chakudzala?"

"Mwakwecha zaka zanga, a Pulofesa."

"Iwenso kukokomeza. Tayatsa leza uone."

Ndinayatsa. Mizere ya kuwala inatuluka yowongoka bwinobwino, yonga ya m'mabuku a ana a chaka choyamba. Bamboyo mpaka kuomba m'manja, nyenyeswa zikuwazikira pamagalasi a makina. Munthu wa madigiri ndandanda kukondwera ndi bodza chifukwa lapukutidwa. Ndinapsa mtima.

"Ngati zakuwawa, kapemphe china."

"Mapaipi akalewo anawasungunula kalekale. Ngakhale chitapezeka, timaenje take n'tina, ndiyambirenso pachiyambi."

"Ndiye oyesawo udzawaonetse chomwechi. Ndani adzapite kukachisisita? Usandiphunzitse ntchito, mwana iwe."

M'mawa mwake mabwana anabwera, anamwa tinto, khofi wathu wakuda, anagoma ndi mizere ija. Mmodzi, mayi wa chipewa cholimba m'khwapa, anafunsa ngati makinawo angathe kuyeza pamapaipi awo otha aja.

"Yesenia, tawauza," anatero a Pulofesa akundimwetulira ndi mano okha.

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti popanda a Pulofesa kusainira palibe digiri. Koma zinali zitandifika pakhosi.

"Ankatha, mayi, mpaka dzana. Panopa mukayambe mwakwecha fakitale yonse, kenako mudzatiitane."

Mayiyo sanaseke. Anasisita chitsulocho ndi chala, anayang'ana a Pulofesa, n'kuvala chipewa chake.

Alendo asanatuluke n'komwe pageti, ndinamva a Pulofesa ali pafoni muofesi mwawo, chitseko chili pululu kuti ndimve. Ankauza oyesa aja, mwaulemu wonse, kuti asavutike n'kubwera, ati ine mwana wawo sindinakhwime.