Mkwatibwi m'Thumba

Tsiku limenelo mphepo ya sherigi inadzuka dzuwa lisanatuluke. Inkachokera kuchipululu, yotentha ngati mpweya wa mu uvuni wa buledi, ndipo pofika chakumasana damu lonse la Bin el Ouidane linali litachita thovu.

Linali tsiku lomaliza la mpikisano wowedza nsomba za karipu. Bassou ndi mlamu wake Hammou anali pamalo amene anawagwera pa maere, kagombe ka matope ofiira kutsidya, kopanda ndi mtengo womwe. Ankawedza awiriwiri chaka chilichonse. Hammou ankayankhula, Bassou ankamanga mbedza. Itto, mkazi wa Bassou, mlongo wake wa Hammou, ndiye ankawaphikira chimanga cha nyambo. Itto anamwalira nthawi yokolola maolivi. Chaka chino Bassou anaphika yekha, ndipo chimangacho chinapserera pansi pa mphika.

Komabe nsomba inadya. Inadya m'mawa, n'kukoka chingwe mpaka ndodo inapindika ngati uta. Bassou analimbana nayo mpaka mapewa kuwawa. Atayigoneka pa chiguduli chonyowa, Hammou anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba, mphepo n'kupita nacho.

"Alamu! Mwachiona chinthuchi? Wallahi, ng'ombe iyi! Anyamata a ku Beni Mellal aja chikho akachionera m'manja mwathu!"

Bassou ankayang'ana m'nthiti mwa nsombayo. Inalibe mamba thupi lonse, kupatula mzere umodzi wa mamba akuluakulu, ozungulira, ong'anima. Anaidziwa. Zaka zapitazo anaigwirapo idakali yocheperapo, Itto ali pomwepo ndi ketulo yake ya tiyi. Itto ananyowetsa mpango wake n'kuiphimba m'maso kuti idekhe, n'kunena kuti mambawo ali ngati siliva wa pamphumi pa mkwatibwi. Bassou atachedwa kuichotsa mbedza, Itto anamumenya pamkono. "Fulumirani inu. Mkwatibwi sachedwetsedwa pakhomo."

"Ndi Mkwatibwi," anatero Bassou.

"Ndamuona, sindine wakhungu. Wabwera kudzatipatsa chikho. Gwirani thumba."

Anamulowetsa m'thumba la ukonde n'kulimangirira pachikhomo m'madzi. Lamulo lake linali lomwe lija la chaka chilichonse: nsomba idikire m'thumba mpaka oyeza afike ndi sikelo yawo, aiyeze yamoyo, kenako ibwerere m'damu. Yobwezedwa isanayezedwe, ngakhale ikule ngati ngamila, ndi nthano chabe.

Hammou anawaimbira foni oyezawo. Anayankhula akukuwa, chala chili m'khutu, kenako analavula malovu.

"Akuti boti silingaoloke mafundewa. Akuti tidikire mphepo igwe."

Mphepo sinagwe. Damu linali litaphwa ndi chilala, ndipo pagombe lawolo madzi ankalekeza m'mawondo ngakhale munthu atayenda kutali. Bassou anasunthira chikhomo kutsogolo, n'kuchisunthanso. Paliponse madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda, odzaza matope amene mafunde ankavundula.

Itakwana nthawi ya swala ya masana, Bassou anaswali pamwala, koma mtima wake unali m'thumba muja. Atamaliza analowa m'madzi n'kupisamo dzanja. Mkwatibwi anali atapendekeka cham'mbali. Kukamwa kwake kunkatseguka pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yokwera phiri.

"Watopa," anatero.

"Tonse tatopa," anayankha Hammou ali m'tenti. "Ine ndatopa, inu mwatopa, ngakhale bulu ali ukoyo watopa. Bwerani mumwe tiyi."

"Wagona cham'mbali."

"Ndiye mumupatse pilo! Alamu, karipu ndi mwala. Zimakhala m'thumba tsiku lonse zimenezi."

"Osati m'madzi awa."

Hammou anatuluka m'tenti, tambula ya tiyi ili m'manja. Atamuona Bassou akugwira mfundo ya thumba, nkhope yake inasintha.

"Mukutani?"

Bassou anapitiriza kukoka mfundoyo.

"Alamu, ndikufunsa. Chotsani dzanja pamenepo." Anaika tambula pansi n'kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. "Tayamba liti kubwera kuno? Tsitsi langa linali lakuda. Chaka chilichonse kuwombera anzathu m'manja, chaka chilichonse kubwerera ndi fungo la nyambo basi. Lero Mulungu watiikira m'manja, inu mukuti mutaye? Fodya wako ndi amene ali pamphuno!"

"Afa."

"Safa! Ndipo atafa, ndi nsomba. Mwamva? Nsomba! Si munthu. Mukuganiza kuti mlongo wanga ali m'thumbamo? Ndinamunyamula ndi phewa ili, inu kutsogolo ine kumbuyo. Ali kumanda, alamu. Mulibe muno."

Mafunde ankawamenya m'miyendo. Bassou anamasula mfundo.

"Mukamutaya," anatero Hammou motsitsa mawu, "musadzandiitanenso. Kaya kudamu, kaya pa Idi. Ndalumbira."

Bassou anamva. Kuchokera pamene Itto anapita, ndi Hammou yekha amene ankagogoda pachitseko chake, kumunyoza chifukwa cha tiyi wowawa, kudzaza nyumba ndi phokoso mpaka madzulo. Akachoka ameneyu, m'nyumbamo mutsala wotchi ya pakhoma.

Anatulutsa Mkwatibwi m'thumba. Anali wolemera, woterera, wofooka. Anamunyamula pachifuwa n'kuyenda naye, matope akumugwira mapazi, mpaka madzi anafika m'khwapa ndipo kumapazi anamva kuzizira. Anamuimika bwino, dzanja lina pansi pa mimba, lina kumchira, mutu utaloza kumafunde. Akati amusiye pang'ono, ankapendekekanso. Ankamuimikanso.

Anakhala choncho mpaka manja anachita dzanzi.

Kenako Hammou anakuwa kugombe.

"Boti! Alamu, boti ilo! Likubwera!"

Linalidi boti la oyeza, kadontho koyera kakudumphadumpha kutali, kutsatira m'mphepete mwa phiri.

"Mubwezereni m'thumba! Pang'ono pokha, m'bale wanga. Ndagwira mwendo wanu. Ndikupemphani m'dzina la Itto!"

Bassou anayang'ana boti, anayang'ana mlamu wake ataima m'matope, mutu uli pamtunda, thumba lili m'manja. Nthawi yomweyo anamva mchira ukugunda m'dzanja lake. Kamodzi, mofooka. Kenako kachiwiri.

"Sachedwetsedwa pakhomo," anatero, osadziwa ngati mawuwo anafika kugombe.

Anatambasula manja. Mkwatibwi anatsika pang'onopang'ono, akupendama, mzere wa siliva uja n'kuzimirira m'madzi ofiira. Ngati anakafika kozizira kuja kapena anakagona pansi, Bassou sanaone.

Potuluka m'madzi anapeza Hammou atamanga kale chikwama chake. Sanakuwe, sanatukwane. Anatenga ndodo zake n'kuyamba kukwera kanjira ka mbuzi kopita kumsewu, osacheuka. Tambula yake ya tiyi inatsala pansi, mchenga utadzazamo.

Boti linafika. Woyeza wina anaimirira, sikelo ili m'manja.

"Ili kuti ng'ombe tamva ija, bambo Bassou?"

"Palibe."

Oyezawo anayang'anana okhaokha, n'kutembenuza boti.

Bassou anatsuka thumba lija n'kuliyanika pamwala. Kenako anayamba kuzula zikhomo za tenti yekha.