Khadi Lobooka la a Kuramochi

Mwana wawo anandichenjezeratu pa foni kuti a Kuramochi sazindikiranso munthu, ngakhale iye amene. Ndinakwerabe sitima ya ku Sendai, poti ine ndi nkhutukumve, ndipo ndinkafunitsitsa anditchule dzina, ngakhale kamodzi kokha.

Anali aphunzitsi anga kuyunivesite zaka makumi awiri zapitazo. Ntchito yathu inali yowomba kuwala pa timiyala tosaoneka ndi maso toyandama m'kabotolo, n'kuyeza nthawi imene mphamvu ya kuwalako imakhala m'timiyalato isanazime. Nthawi yake ndi yochepa moti kuphethira kwa diso kumakhala ngati zaka. Chovuta chinali chakuti kuwala kwa makina athu sikunkaoneka. Kuti udziwe pamene kukudutsa, unkayendetsa kapepala koyera m'malere mpaka kadontho kabuluu kaonekepo.

Kwathu kuno khadi la dzina ndi nkhope ya munthu. Umalilandira ndi manja awiri utawerama, ndipo sulipinda. Koma a Kuramochi ankasakira kuwala ndi makhadi awoawo, n'kumatigawiranso ife.

"Iwe Nagumo, ukulilambira chiyani? Ndi agogo ako? Liike pamoto!"

"Aphunzitsi, pali dzina lanutu apa."

"Dzina langa ndimalidziwa kale. Kumanzere pang'ono, kamutu kouma iwe!"

Chaka changa chomaliza kuwala kuja kunatisokonekera milungu itatu, digiri itatsala pang'ono kundipulumuka. Tsiku limene tinakupeza, kunaboola khadi lawo pakati penipeni pa dzina. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukandigulira mbale ya soba, chakudya chonga sipageti, kukantini. Khadilo ndakhala nalo m'chikwama zaka zonsezi. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, ngakhale fungo la pepala lopserera lija.

Kunyumba yosamalirako okalamba ndinawapeza pampando wamatayala, ataonda, manja ali pamiyendo. Ndinawauza dzina langa. Anandiyang'ana ngati ndine munthu wodzatsatsa nyuzipepala pakhomo. Ndinasimba za makina, za soba, za anzanga amene ankawakalipira kuposa ine, koma osaphula kanthu. Mtima unandiwawa, ndipo ndinadzida chifukwa chobwera.

Potsanzika ndinatulutsa khadi lija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Sanaliwerenge. Analigwira pakona ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuliyendetsa pang'onopang'ono m'malere, uku ndi uko. Dzuwa linkalowa pakampata ka katani. Kadontho kake kanagwera pakhadi, kenaka kanadutsa pabowo paja n'kukatera pabulangete lawo.

"Nagumo," anatero osandicheukira, "usagwedeze tebulo. Kuwala kuja takupeza."

M'chipindamo munalibe tebulo. Ndinaimabe chilili, osasuntha ngakhale phazi, mpaka namwino anabwera kudzatseka katani.