Mpaka Abwere a Bizwell

Chitsa cha thonje chinabaya a Sesiliya kuphazi lamanzere mwezi wa Epulo, akukumba nshawa, mtedza uja, m'munda mwawo ku Chipangali. Iwo sanamve kanthu. Mapazi awo anali atachita dzanzi kalekale chifukwa cha matenda a shuga, moti bala analiona ndi amuna awo, a Yosefe, ataona magazi pa patapata. Anatsuka ndi madzi a mchere n'kumanga kansalu. M'mawa mwake a Sesiliya anabwerera kumunda, poti nshawa zikakhalitsa m'nthaka zimamera.

Pofika mu Juni zala ziwiri zinali zitada bii, ndipo m'nyumba munali fungo limene anthu odzazonda matenda ankachita ngati sakulimva. Apa m'pamene anawatengera kuchipatala ku Chipata.

Lolemba m'mawa adokotala anamasula bandeji, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, phazi ili lafa. Tikalisiya litenga ndi inu nomwe. Tikufuna tidule apa." Anagwira pansi pa bondo. "Bondo likatsala, mwendo wochita kupanga umagwira bwino, ndipo mudzayendanso. Koma tisachedwe."

Namwino wa m'wodimo, a Nomsa, anabwera ndi pepala ndi inki yodindira chala. A Sesiliya anabisa dzanja m'chitenje.

"Achimwene anga sanamve."

"Mwendo ndi wanu, mayi," anatero a Nomsa. "Chala chanu chokha n'chokwanira. Amuna anu ndi awa, aikira umboni."

A Yosefe anayang'ana pansi. Iwo anali mkamwini. Anakhala m'mudzi wa akazi awo zaka makumi atatu, nyumba anaumba njerwa zake okha, koma malo ndi munda zinali za kuchikazi. Nkhani yaikulu iliyonse yokhudza a Sesiliya inkayamba yafika kwa mwinimbumba, mlongo wawo wamkulu a Bizwell, mphunzitsi wopuma pantchito.

"Asisita," anatero a Yosefe kwa namwinoyo motsitsa mawu, "ine munthuyu anangondipatsa kuti ndisunge. Anandipatsa ali ndi miyendo iwiri."

Anaimba foni. A Bizwell anali atadutsa malire pa Mwami kupita ku Mchinji, kumene akuchikazi kwawo ankamanga chiliza.

"Alamu, mwendo wa munthu si nkhuku yoti tingamvane pafoni," anayankha a Bizwell. "Madokotala a masiku ano mpeni uli pafupi. Ndibwere ndidzaone ndi maso anga. Lachinayi ndili komweko."

Lachiwiri a Nomsa analemba mzere ndi bolopeni pamsongolo, pamene kutupa kunalekezera. Lachitatu m'mawa kutupa kunali kutaudutsa mzerewo ndi zala zinayi. A Sesiliya ankanjenjemera ngakhale anawafunditsa mabulangete awiri, ndipo phala linawakanika. Adokotala anabweranso, nalankhula mawu omwe aja, koma ulendo uno sanamwetulire.

Atachoka adokotala, a Yosefe anakokera mpando pafupi ndi bedi.

"Amake Dalitso, dindani. Zonena anene. Ndidzayankha ine."

"Mudzayankha ndi pakamwa pati? Inu amene mumachita chibwibwi pofunsa mtengo wa sopo?"

"Sindikuseka ine."

"Nanenso sindikuseka. Mwaiwala amuna ake a Magalita?"

Sanaiwale. Magalita anali msuweni wa a Sesiliya. Anamwalira pa opaleshoni imene mwamuna wake anavomereza yekha, abale asakudziwa. Maliro atangotha, asanamete n'komwe, abalewo anamuuza mwamunayo kuti anapha mwana wawo, ndipo anachoka pamudzi ndi khasu ndi bulangete basi.

"Magalita anali mtsikana wamphamvu," anapitiriza a Sesiliya, akupumira m'mwamba. "Nanga ine, ndi shuga ameneyu? Ndikapanda kudzuka pa tebulo paja, inu mukalowera kuti? Kwanu ku Katete kwatsala manda okhaokha. Ndi msana wanuwo, ngakhale mkazi wamasiye sangakutoleni."

"Koma bondo, amake Dalitso."

"Mawa si kutali. Ndipatseni korona wanga."

A Yosefe anatuluka, naimbanso foni. Sinalowe. Anaimba kachiwiri ndi kachitatu, kenaka anakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi ena odikirira odwala, chipewa chili pamaondo.

A Bizwell anafika Lachinayi dzuwa lili pamutu, atavala jekete, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anapereka moni kwa onse a m'wodimo, nafika pabedi n'kukweza nsalu. Anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Mayo! Alamu, munthu akuwola chonchi inu mukungoyang'ana? Mumadikira chiyani?"



"Amadikira inu, bambo," anatero a Nomsa, osawayang'ana n'komwe.

Adokotala ataitanidwa anasindikiza chala pabondo, ndipo chinasiya dzenje. Anakwera nacho pang'onopang'ono mpaka pakati pa ntchafu.

"Za pansi pa bondo zinatha dzana. Tsopano ndi apa. Ndipo thupi lafooka kwambiri, sindingakulonjezeni kanthu."

A Nomsa anabweretsa pepala lina. A Sesiliya maso anali atalowa, milomo itauma, koma dzanja linali likadali m'chitenje.

"Achimwene."

"Ndili pano, mlongo wanga. Dinda msanga."

"Yambani mwanena. Mokweza, asisita amve, ndi amayi a bedi ilo amve."

"Ndinene chiyani?"

"Kuti mwalola ndinu. Kuti zikavuta, bambo a Dalitso alibe mlandu, ndipo pamudzi sachoka."

A Bizwell anayang'ana uku ndi uku. 

"Ndalola ndine, Bizwell. Alamu alibe mlandu. Pamudzi ndi pawo."

Apo a Sesiliya anatulutsa dzanja. A Nomsa analigwira n'kufikitsa chala papepala.

A Sesiliya anatsitsimuka Lachisanu m'mawa, opaleshoni itachitika. A Yosefe anali pampando womwe uja. Pakhonde, kuseri kwa zenera, a Bizwell ankalankhula pafoni ndi akumudzi, kuwafotokozera kuti mwayi wake iwo anafika msanga, kupanda apo bwenzi tikunena zina.

"Adula pati?" anafunsa a Sesiliya.

A Yosefe anazengereza. Kenaka anaika dzanja pabulangete, pamwamba pa ntchafu, pamene bulangetelo linayambira kugona lokha pamatiresi.

A Sesiliya anayang'ana dzanjalo kwa kanthawi, natembenuzira nkhope kukhoma.