Phunziro la Tiyi

Buku la ana limene a mishoni ananditumizira mu 1932 linali limodzi lokha sukulu yonse. Munali za njuchi, za chinangwa, za mafumu akale, ndipo chakumapeto munali phunziro la tiyi. Limenelo ndinalisunga dala mpaka dzinja, kuti ana akaone nsonga zanthete ndi maso awo. Uchitsiru wangawo!

Mvula itagwa tiyi anaphukira, ndipo m'mawa wa phunzirolo a Namakhwa, kapitawo wa pa esiteti, anaima pakhomo la sukulu ndi mulu wa madengu.

"Aphunzitsi, ndibwerekeni anawa. Tiyi sadikira munthu."

"Komatu lero tikuphunzira za tiyi yemweyo, a Kapitawo!"

"Ndiye zakhala bwino," anatero iwo, osaseka n'komwe.

Anawatenga onse, ngakhale Teleza, kamtsikana kofanana msinkhu ndi dengu lake. Ine ndinatsala ndi mabenchi. Ndinatsegulabe bukulo n'kuwerenga mokuwa mzere woyamba: "Ana inu, kodi munaonapo mmene amathyolera tiyi?"

Pazenera ndinkaona timitu tawo titawerama m'munda, mvula ikuwakhuthukira pamsana.