Dzina la Walusungu m'Kope la a Ostap

Pakamwa panga ndi pomwe panayambitsa zonsezi, sindikana. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Bentley, kuno kumzinda wa Perth, ndipo tsiku lina pa nthawi ya tiyi mnzanga Katherine, amene anathawa nkhondo ku Ukraine pamodzi ndi bambo ake, anayang'anitsitsa baji yanga.

"Scholastica Mumba," anawerenga. "Bambo anga satha tsiku osatchula dzina limeneli. Kwathu kunali wosewera mpira wa ku Malawi, Walusungu Mumba."

Munthu wanzeru akanangomwa tiyi wake. Ine ndinalumpha: "Ndi amuna anga amenewo!" Pofika madzulo tinali titaitanidwa kale kukacheza Lamlungu.

Vuto ndi lakuti amuna anga ndi a Greyson. Walusungu anali mng'ono wawo. Mu 2003 kunabwera munthu ku Mzuzu kudzafuna osewera osapitirira zaka makumi awiri oti akasewere mpira ku Ukraine. A Greyson anali ndi zaka 27 ndi mwendo wakumanzere woopsa, ndiye anatenga mapepala a mng'ono wawo n'kukapangitsa pasipoti. Walusungu, amene ankalota zokaphunzira kunja, anatsala pakhomo alibe dzina loyendera, ndipo chaka chotsatira anamwalira. A Greyson atabwerako anabwerera ku dzina lawo, nkhaniyo n'kuikwirira. Ine ndinkangoidziwa pamwambamwamba.

Nditawauza za ulendo wa Lamlungu, anaika supuni pansi.

"Mayi a Tiffany, mwawauza kuti ndine ndani?"

"Ndangoti ndinu amuna anga."

"Mwandipachika," anatero, n'kutuluka panja.

Sabata imeneyo m'nyumba simunakhalike. Anatchetcha kapinga kawiri, kapinga wake wouma kale ndi dzuwa la ku Perth. Anatsuka galimoto yoyerayera. Lachinayi, tsiku lawo lopuma, anavala yunifolomu n'kuyendetsa mpaka ku Kwinana kumene amawotcherera zitsulo, n'kukabwerera pageti. Tikakhala patebulo mwendo wakumanzere uja unkangonjenjemera mpaka makapu kulira. Zinandikwiyitsa, ndipo ndinawauza kuti ngati akuopa nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, ndikanene kuti adwala. Anakana. Kupita sankafuna, kutsala sankafunanso.

Lamlungu masana tinakwera masitepe a kanyumba kena kufupi ndi Northbridge. Bambo a Katherine, a Ostap, anali atatidikirira pakhomo atavala tayi. Atangowaona amuna anga anakuwa, "Valu! Valu!" n'kuwakumbatira ngati mwana wotayika. Ndi mmene ankalitchulira dzina la Walusungu kumeneko.

A Ostap anali mlembi wa timuyo zaka makumi atatu, ndipo mbiri yake anatiuza yonse, Katherine akumasulira. Dzina la timuyo lilime langa limalikana mpaka lero. Anaiyambitsa ndi antchito a pafakitale ya shuga, m'katauni kamene basi imaima kamodzi patsiku. Bwalo analisalaza okha ndi mafosholo akaweruka. Inasewera zaka zambiri m'maligi a m'maboma, kenako inakwera kufika ligi yachitatu ya dziko lonse, n'kukakamira pomwepo, osakwera osatsika. Fakitale itatsekedwa timu inatha. Nkhondo itabwera, ofesi yomwe munali zithunzi ndi mabuku onse inapsa.

"Chatsala ndi mutu wangawu," anatero a Ostap, "ndipo nawonso wayamba kudontha."

Anatulutsa kope lachikuto chobiriwira. Ankalembamo aliyense amene anavalapo jezi ya timuyo, masewero ake ndi zigoli zake. Tsamba lakumanzere linali la amoyo, lakumanja la akufa. Anati kutchalitchi kwawo kuli Loweruka lokumbukira akufa, ndipo la chaka chino linali sabata yomweyo. Amakapereka maina akumanjawo kwa wansembe kuti awatchule limodzilimodzi. Ndinasuzumira. Kumanja kunali kodzaza, ena anyamata obadwa m'ma 1990.

"Dzina lako ndinalisiya pakapepala," anauza amuna anga. "Sindinkadziwa mbali yoti ndikuike. Lero ndasangalala, chifukwa kumanzere ndimalembako kamodzikamodzi."

Asanalembe anayamba kusimba za chigoli. Linali Lachitatu, mu Okutobala 2004, mpikisano wa chikho. Kunabwera timu ya mu ligi yaikulu ndi basi yake yonyezimira. Matope anali ofika m'akakolo. Kutatsala mphindi ziwiri, Valu anaumenya ndi lamanzere, goloboyi n'kungouperekeza ndi maso. Anthu zikwi zitatu anaimba dzina lake mpaka fakitale inaliza mluzu wake. Nkhalambayo inaimirira n'kuonetsa mmene mwendo unayendera, ine mtima uli m'mwamba kuti igwa.

Kenako inakhala pansi, n'kuika cholembera patsamba lakumanzere.

"Dikirani, bambo," anatero amuna anga. Mwendo uja unkagunda tebulo. "Katherine, muwauze bwinobwino. Ine ndine Greyson. Walusungu anali mng'ono wanga, ndinamutengera mapepala. Anamwalira Lolemba la sabata imene ija. Foni inandipeza kuhositelo. Ndikanapita bwanji kwa kochi kukanena kuti Walusungu Mumba wamwalira, Walusungu Mumba wake ndili ine? Ndinangovala jezi. Nthawi imene anthu ankaimba dzina lake, kwathu ankamutsitsira m'manda."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tili pabanja, zimenezi sanandiuzepo. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinapezeka ndikulira, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi, poti sabata yonse ndinkawaseka kuti akuopa nkhalamba.

Katherine atamaliza kumasulira, a Ostap anavula magalasi.

"Za zaka tinkadziwa," anatero. "Dokotala wathu anati mnyamata uyu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma mawondo ake ali ndi makumi atatu. Tinkaseka. Za mng'ono wako sitinkadziwa. Ukanatiuza, tikanaima nawe."

Anasuntha dzanja kupita kumanja n'kulemba pang'onopang'ono m'zilembo zawo zija. Atafika pamalo olemba zigoli anaima, n'kuyang'ana amuna anga.

"Chigolicho ndilembe kwa ndani?"

"Musiyireni. Ndinamulanda zonse. Chimenecho chikhale chake."

A Ostap analemba. Kenako anatembenuzira kope kwa a Greyson, n'kuwapatsa cholembera, chala chili patsamba lakumanzere. Amuna anga analemba dzina lawo lenileni, koyamba m'mbiri ya timu imene anaisewerera zaka zitatu.

Pobwerera ndinayendetsa ndine. Titadutsa maloboti angapo ndinaona kuti mwendo uja wakhazikika. Tikulowa mumsewu wathu anandifunsa ngati suti yawo yakuda ikuwakwanabe.

"Ya chiyani?"

"Loweruka. Mumufunse Katherine kuti kutchalitchi kwawo amayamba nthawi yanji. Tikafike msanga, mayi a Tiffany. Maliro a mng'ono wanga ndachedwa nawo kale zaka makumi awiri."