Chisamani cha Apongozi

Lorenso anabwera kuchokera ku koleji ndi mabuku atatu, tayi, ndi mawu oti "malinga ndi ndime." Amayi ake, a Clotilda, anawamva mawuwa mpaka makutu kuwawa. Nkhuku ikalowa m'munda mwa eni, malinga ndi ndime. Mvula ikachedwa, nayo inali ndi ndime yake.

Mwanayo ankaphunzira ukalaliki wa khoti. Atatha miyezi isanu ndi inayi m'kalasi, anamutumiza ku khoti laling'ono la kwawo, kutsidya kwa Shire, kuti akaonetse ngati zolowa m'mutu zingatsikire m'manja. Ntchito imodzi mwa zoyesedwa inali kukapereka chisamani m'dzanja la mwini wake, kumuwerengera, ndi kubwera nacho atadinda chala. Kulephera pamenepo, setifiketi palibe.

Kalaliki wamkulu, a Lazaro, anagwira ntchito zaka makumi awiri osaonako khomo la koleji, ndipo anyamata a tayi sankawafuna. Pa mulu wonse wa zisamani anasankha chimodzi n'kumupatsa Lorenso. Chinali cha a Teresa, omwe mbuzi zawo zinadya thonje la a Agnesi. A Teresawo anali amayi ake a Priska, mkazi wa Lorenso.

Kuno mkamwini saonana maso ndi apongozi ake aakazi. Sawatchula dzina, sawakhudza, akawaona akubwera amapatuka. Tsiku loyamba Lorenso anakumana nawo panjira atasenza nkhuni, iye n'kudziponya m'munda wa mapira, tayi ndi chisamani chomwe. Tsiku lachiwiri anatuma Priska, Priska n'kumuponyera pepalalo kumaso. Lachitatu analemba kuseri kwake kuti, "Sanapezeke."

A Lazaro anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa womwewo anali atawaona a Teresa pa msonkhano wa chipani, akuimba kutsogolo penipeni. Anamuuza kuti chisamani chibwere mawa masana chili ndi chala, apo ayi alemba ku koleji, ndipo za bodzalo aikamonso.

M'mawa mwake a Clotilda ankasankha thonje pansi pa mtengo wa masau, loyera uku, lothimbirira uku. Kunali kutatentha kale. Mwana wawo anakhala pa mpando akuvundukula buku.

"Ukufunamo chiyani mmenemo?"

"Pali ndime, amayi. Munthu akasowa, chisamani chimakhomedwa pa chitseko."

"Asowa? Usiku wonse amatsokomola mpaka kuno kumamveka."

"Ndikufuna ndime ina yonena za..."

"Yonena za apongozi? Analemba bukulo ndani?"

"Akatswiri a malamulo. A kunja."

"Ndiye kwawoko amadya nawo mbale imodzi. Uvundukula mpaka mapepala athe." Anaponya thonje m'dengu. "Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikulima ndekha kuti iwe ukaphunzire kubisala m'mapira. Zimenezo ukanaphunzira kwa anyani, kwaulere."

"Amayi, nkhaniyi ndi yovuta mwa lamulo."

"Lamulolo likuti uwayang'ane kumaso?"

Lorenso anayendetsa chala pa tsamba. "Ayi. Likuti m'dzanja."

"Likuti dzanjalo likhale ndi nkhope?"

"Silinatero."

"Nyamuka. Tenga inki yakoyo."

A Clotilda anamanga khadi la chipani pa nsonga ya chitenje, popeza njira inkadutsa pa msika pomwe ankafunsa makadi, n'kutsogola. Atafika anamuimika kunja kwa mpanda wa bango, kuseri kwa khola, iwo n'kulowa.

A Teresa anali pa mphasa akusenda mbatata.

"Odi, asewere."

"Lowani, asewere. Mwabwera nokha, kapena boma lanu mwalisiya m'mapira?"

"Lili kuseri kwa mpandaku, likunjenjemera."

"Ndinaliona tsiku lija. Mapira onse chete, phesi limodzi lokha likugwedezeka. Ndinati ndi nguluwe."

"Nguluwe ili ndi nzeru, asewere. Tathandizani, mwanayu angachotsedwe sukulu. Akachotsedwa, mwana wanu yemwe uja adya mabuku."

A Teresa anapukuta manja. "Ine mlandu sindiuthawa. Agnesi ndikufuna ndikamufunse pa anthu kuti thonje lake linayamba liti kumera m'njira ya mbuzi. Pepalalo ndalidikira masiku atatu."

Anakokera mphasa pafupi ndi mpanda, n'kukhala chofulatira. A Clotilda anakankha bango ziwiri kuti pakhale mpata, n'kuima pomwe ankatha kuona mbali zonse.

"Werenga," anatero.

Lorenso, nayenso atafulatira, anakonza kukhosi. "Kwa inu a... a..."

"Wagwidwa ndi chiyani?"

"Pali dzina, amayi."

"Teresa Nyakuipa," anatero a Clotilda mokweza. "Ndatchula ine. Pitiriza."

Anawerenga zonse: tsiku Lachisanu, nthawi ya m'mawa, mbuzi zinayi, mizere khumi ya thonje. Mawu ankatuluka ngati a mwana wa kwaya amene waiwala nyimbo.

"Mbuzi zinali zitatu," anatero a Teresa, akuyankhula kwa a Clotilda. "Muwauze a boma. Yachinayi ndinapha pa chinkhoswe cha iwo omwewo, ndipo anadya chiwindi."

"Zimenezo mukanene Lachisanu," anatero Lorenso chapansipansi, akuyang'ana khola.

"Ayankha, asewere? Koleji ija yagwira ntchito."

Dzanja la a Teresa linatulukira pa mpata paja. Lorenso anabwerera chammbuyo, mkono atautambasulira kumbuyo, pepala lili m'malere. Linagunda bango, linagunda mzati.

"Kumanzere," anatero amayi ake. "Kumanzere kwako, iwe. Tsitsa. Ukufuna kupatsa mbuzi?"

Pepala linakhudza chikhatho ndipo zala zinalitseka.

Tsopano panatsala chala. Lorenso anatulutsa kabokosi ka inki n'kuima nako osadziwa chochita. Ku koleji anawaphunzitsa kugwira chala cha munthu, kuchigubuduza pa inki, kenako pa pepala. Anayamba kufotokoza zimenezi.

"Bweretsa kuno," anatero a Clotilda. "Ukagwira chala cha apongozi ako, mudzi uno usamuke." Anatenga chala chachikulu cha a Teresa, kuchinyika, n'kuchikanikiza pomwe panali kamtanda. Anaunika pepalalo padzuwa, n'kulibweza pa mpata. "Lemba kuti wapereka wekha m'dzanja. Lero si bodza."

Lorenso analemba atatsamiza pepala pa bondo, n'kuika tsiku ndi nthawi. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Atati athamange akanawapeza a Lazaro asanapite kukadya.

"Asewere," anatero a Teresa akupukuta chala pa udzu, "Lachisanu wolemba mlandu adzakhala ndani?"

A Clotilda anasuzumira kuseri. "Akufunsa."

"Ndine," anatero Lorenso. "Ndi ntchito yotsatira."

"Wolembayo amakhala moyang'ana kuti?"

Lorenso anapinda pepala lija. "Moyang'ana woimbidwa mlandu."

"Muwauze kuti ine ndidzakhala kutsogolo, ndipo ndili ndi zambiri zonena."

"Wamva," anatero a Clotilda. "Kumeneko ine sindikabwera ndi mpanda. Thamanga, pepala lingachedwe."